Mmene Ndinagwera M'dzenje la Kadzenje

Ndakumvani inu ana mukukangana kuseri kwa nyumbaku. Wina akuti filimu ija ndi yabwino chifukwa galimoto zaphulika zambiri, wina akuti ndi yoipa chifukwa mbava yafa msanga. Ndafunsa kuti anaipanga ndani, nonse mwangoti kukamwa yasa. Mumadya chakudya osafunsa wophika inu! Iwe Tendai sendera kuno, nawe Chisomo leka kukanda kafoniko. Ine sekuru wanu, agogo anu aamuna, filimu ndimaidziwa, ndipo si zongomva ayi. Ndinalowamo ndi miyendo yanga iwiriyi, n'kutulukamo matope ali mpaka m'makutu.

Zinali zaka za Chitaganya, pamene azungu anamanga Nyasalande ndi maiko awiri a Rodeshiya mtolo umodzi. Ife tinali pa pulazi ina ya fodya kufupi ndi Darwendale. Ine ndinabadwira m'komboni momwemo, koma bambo anga anachokera ku Dedza wapansi, kudzera ku Tete, ndipo sanabwererenso. Ntchito yanga inali m'shedi yosankhira fodya. Tsamba likatuluka m'bani mmene aliwambira, ine ndinkaliyang'ana kamodzi n'kudziwa mulu wake, ili lachikasu ngati ndimu, ili lofiirira, ili lopserera. Bambo ankakhala kumapeto kwa tebulo lomwelo, akumanga timitolo ta fodya wosankha kale. Loweruka tinkalandira resheni: ufa, nyemba, mchere ndi kanyama kamene mukakaona inu lero mungakaponyere galu.

M'chilimwe ndi pamene inkabwera bayisikopo. Inu mukuti filimu, ife tinkati bayisikopo. Inkabwera pa galimoto yobiriwira, ndipo woyendetsa wake anali Mshona wina dzina lake Tichaona. Ankakoleka chinsalu choyera pa mitengo iwiri ya bulugama pa bwalo la mpira, dzuwa likangolowa n'kuliza injini. Zithunzizo zinalibe mawu. Mawu onse anali a Tichaona, amene ankafotokoza m'Chishona pa chimkuzamawu. Iye ndiye anali mwamuna, iye ndiye mkazi, galu akauwa ankauwanso ndi iyeyo.

Zithunzi zambiri zinali zogonetsa tulo. Ng'ombe yaima, mzungu akuiloza ndi ndodo. Pulawo yaima, mzungu akuiloza ndi ndodo. Koma panali zina zimene zikangoyamba, amene anali kuwodzera ankadzuka, amayi n'kukhazika ana pamiyendo. Sitinkadziwa dzina la wozipanga, pakuti zilembo zinkadutsa msanga, koma dzanja lake tinkalizindikira monga mmene umazindikirira khasu limene wasula wakutiwakuti. Tinamutcha Kadzenje.

Mvetserani chifukwa chake, apa ndi pamene pali phunziro. Munthu ameneyu asanakuonetse munthu, ankayamba wakuonetsa dzenje. Chithunzi chikuyamba, palibe aliyense, pali dzenje lokha pakati pa njira. Kenako kutali uko kukutulukira kamunthu, kakuimba mluzu, maso ali kumwamba. Ife tonse tikudziwa, iye yekha sakudziwa. Bwalo lonse likukuwa, "Iwe, dzenje! Gomba iro!" Wina akanamugwetsa pomwepo n'kuthana nazo. Kadzenje ayi. Munthu uja afika pamphepete penipeni, aima, akanda mwendo, atembenuka ngati wabwerera. Ife mitima pansi. Ndiye kamphepo kaulutsa chipewa, iye abwerera chammbuyo phazi limodzi kuti achiwakhe, khu! Ndipo akagwa, Kadzenje sankakuonetsa wagwayo. Ankakuonetsa nkhuku ili chapafupi, yapendeketsa mutu ikusuzumira m'dzenjemo. Anthu ankagubuduka pansi ndi phwete. Ankadziwa kudikira munthu ameneyo. Za lerozi zimathamanga ngati zikuthawa ngongole ya mowa, diso lisanakhazikike chithunzi chasintha kale.

Koma musaganize kuti ndinkangomuombera m'manja. Ine ndinali wosankha fodya, tsamba likhale lokongola bwanji ndinkalitembenuza kuti ndione kunsi. Zolakwa za Kadzenje ndinkaziwerenga pa zala pobwerera kukomboni. M'zithunzi zake zonse munali anthu awiri okha, wanzeru ndi chitsiru, ndipo wanzeruyo sankaseketsa, sankakwiya, ankangokhala ngati chitsa chovala malaya. Akazi ntchito yawo inali kudutsa ndi ndowa pamutu. Anthu ake sankapatsana moni. Munthu alowa pakhomo pa mnzake n'kuyamba nkhani ngati wapolisi! Amayi anga ankati, "Kodi anthu awa analeredwa ndi ndani?" Ndipo chimene chinkandibaya kwambiri ndi ichi: chitsiru chija nthawi zonse chinali ndi sutikesi yachitini pamutu ndi mkeka kukhwapa. Aliyense ankadziwa kuti wonyamula zimenezo ndi wochokera kwathu ku Nyasalande. Anzathu Achishona ankatembenuka n'kutiloza, "Hona mubhurandaya!" Ankatitcha choncho, ngati tonse tinachokera ku Blantyre. Ifenso tinkaseka nawo, koma kunali kuseka kokhala ndi munga pakhosi.

Ndiye chaka china, mwezi wa Juni kukuzizira, tinangomva kuti kwabwera azungu atatu ndi mabokosi, amanga matenti kudamu, adzajambula bayisikopo ya fodya pa pulazi pathu. Mmodzi wa iwo anali wamfupi, mphuno yosupuka ndi dzuwa, kaliwo wosayatsa ali kukamwa. Ankayenda m'komboni akuyang'ana zinthu kudzera pa kabowo ka zala zake. Nditamuona waima nthawi yaitali pa dzenje limene tinkakumbamo dothi la zidina, ndiye kuti njerwa, lili ndi madzi, ndinagwira mnzanga paphewa n'kunena kuti, "Uyo ndiye Kadzenje." Sindinalakwe.

Mavuto anayamba Lachisanu. Bwana wa pulazi anaitanitsa bambo anga pakhomo la shedi, ife tonse tikumva. Muyenera kudziwa kuti bambo anali wamkulu wa gule pa pulazipo. Ine ndinali wobatizidwa, woimba kwaya, ndipo pa nkhani imeneyo ine ndi iwo tinkasiyana, koma tinkadya mbale imodzi. Bwana anati mlendoyo akufuna chilombo cha gule. Chithamangitse chitsiru mpaka chigwere m'dzenje, kenako chilombocho chivule nkhope pamaso pa kamera, anthu aone kuti anali foromani, kapitawo wathu, aseke.

Bambo anavula chipewa n'kuchigwira ndi manja awiri. Anayankha m'Chilapalapa, chinenero chosakaniza chimene tinkalankhulira ndi azungu.

"Bwana, chilombo chilibe nkhope yovula."

"Usandiuze zopusa, mdala. Pa Khrisimasi mumavina pakhomo panga."

"Kuvina timavina, bwana. Icho mwanenacho ayi."

Bwana anafiira makutu, poti mlendo wake anali pomwepo. Anati, "Lolemba m'mawa chilombo chikhale kudzenje. Apo ayi, tenga chitupa chako ndi banja lako, uchoke pa pulazi panga."

Inu ana simudziwa tanthauzo la mawu amenewo. Nyumba inali ya bwana, kamunda kathu ka chimanga kanali pa nthaka ya bwana, manda a azichemwali anga awiri anali pa nthaka ya bwana. Ku maruzevha kumene kunali midzi ya Ashona ife tinalibe malo, ku Dedza bambo anali ataiwalika. Munthu wa imvi akanalembedwa ntchito ndi ndani? Loweruka linafika. Amayi anayamba kutsuka miphika n'kuilowetsa umodzi m'unzake, kukonzekera kusamuka. Ndinadziwa kuti bambo sagonja, ndipo ndinadziwa kuti bwana sabweza mawu amene wanena pamaso pa mzungu mnzake. Wotsala woti n'kusintha maganizo anali mmodzi.

Lamulungu titatuluka m'tchalitchi ndinapita kudamu ndi jekete langa lomwelo la kwaya. Ndinamupeza Kadzenje atakhala pa bokosi, akusenda lalanje. Ndinaomba m'manja, iye anakweza nsidze.

"Ukufuna chiyani?"

"Bwana, zithunzi zanu ndaziona zonse zimene zinafika kuno. Cha munthu wa njinga yopanda mabuleki, cha wakuba mazira, cha amene anagona pa mlatho."

Anasiya kusenda. Ndikuganiza kuti palibe munthu wakuda amene anali atamuuzapo zimenezo.

"Chabwino kwambiri ndi chiti?"

"Cha mazira. Chifukwa munatidikiritsa kawiri. Cha mlatho munamugwetsa msanga, ndipo nkhuku munalibe."

Anaseka mpaka kaliwo anagwa. Anati nkhuku ya tsiku limenelo inathawa. Ndiye ndinalimba mtima.

"Bwana, ichi mukufuna kupangachi chidzakhala choipa kuposa zonse."

"Chifukwa?"

"Ife timaseka chifukwa dzenje tikuliona ndipo sitikuopa kanthu. Koma chilombo chikadzatuluka pa chinsalu, amayi adzanyamula ana n'kuthawa. Amuna a gule adzagwetsa mitengo ya chinsalucho. Pofika pa kugwa kwa munthu wanu, pa bwalo padzatsala Tichaona yekha ndi injini yake. Si pano pokha, pa pulazi iliyonse imene pali anthu a kwathu, kuyambira kuno mpaka ku Centenary."

Anatafuna lalanje lake. Kenako anati, "Nanga chomuthamangitsa chikhale chiyani?"

"Foromani ali ndi tonde, dzina lake Sajeni. Munthu akangowerama pafupi naye, amamugunda. Safuna kuphunzitsidwa."

"Munthu angawerame bwanji pamphepete pa dzenje?"

Apa ndi pamene ndinatulutsa zimene ndinasunga zaka zonse zija. Ndinati, "Apereke moni, bwana. Anthu a m'zithunzi zanu sapatsana moni, ndipo amayi anga amati analeredwa kutchire. Munthu wanuyo akumane ndi mkazi, atule katundu, avule chipewa, awerame aombe m'manja monga timachitira. Ife tikhale tikumuona Sajeni akubwera kumbuyo."

Anaimirira, napanga kabowo ka zala kaja, nayang'ana kudzenje. Ndinaona kuti nsomba yadya nyambo. Ndiye ndinawonjeza kuti, "Ndiponso sutikesi yachitini ija muichotse. Si anthu a ku Nyasalande okha amene amagwa m'maenje."

"Ayi," anatero, osatembenuka n'komwe. "Sutikesi ikhala. Anthu akaona sutikesi amayamba kuseka ndisanachite kanthu."

"Amaseka ife, bwana."

"Amaseka basi. Ndipo popeza wadziwa zonsezi, chitsirucho ukhala iwe. Ndikamuuza bwana wako kuti chilombo sindichifunanso."

Ndinabwerera kukomboni. Ine Jailosi, wosankha fodya wa patebulo loyamba, woimba besi m'kwaya, amene ndinali nditatumiza kale ankhoswe kwa a Esinati, agogo anu akusenda mbatata apowo. Musaseke, agogo, nthawi yanu ikubwera. Nditawauza bambo, anandiyang'ana n'kunena kuti, "Madzi aja ndi ozizira. Udzoleretu mafuta." Madzulo ake amayi anatulutsa miphika ija n'kuibwezera pamalo pake.

Lolemba komboni yonse inasonkhana kudzenje. Anandiveka kabudula wong'ambika, sutikesi pamutu, mkeka kukhwapa. Pofuna mkazi wa ndowa, Kadzenje anayang'ana pagulu ndi kabowo kake kaja n'kuloza Esinati. Sankadziwa kanthu, linali diso lake chabe. Anandiuza kuti, "Ukawerama uwerenge mpaka khumi mumtima. Usacheuke. Ukacheuka waononga." Inu munayamba mwawerama mukudziwa kuti kumbuyo kukubwera nyanga? Ndinafika pa zisanu ndi chimodzi, ndipo ndinamva ngati wandimenya ndi mpini. Thibu! Madzi a Juni, ana inu, amaluma ngati mavu.

Ndikutuluka, ndinamva Kadzenje akukalipa. Agogo anuwa, m'malo modabwa monga anawauzira, anali atagwetsa ndowa, agwira m'mimba, misozi ili mbwembwembwe ndi kuseka. Tibwereze. Ndinaumitsa kabudula pamoto, Sajeni anamubweza pamalo pake. Kachiwiri anadziluma milomo, koma mapewa ankagwedezeka. Tibwereze. Kachitatu ndisanawerame ndinawanong'oneza kuti, "Esinati, ukasekanso ndifa ndi chibayo, ukwatiwa ndi Sajeni." Sindikudziwa kuti anapirira bwanji. Mpaka lero amati ankaganiza za maliro a azakhali awo.

Bambo awo a Esinati, amene anali mkulu wa mpingo, anabweza ankhoswe anga sabata yomweyo. Anati sangapereke mwana kwa chitsiru cha m'bayisikopo. Zinatenga miyezi itatu, ndipo amene anazikonza ndi bambo anga, munthu wa gule, amene anapita yekha kukakhala pakhonde la mkulu wa mpingo n'kumufotokozera chimene ndinagwera m'madzimo. Zimene anakambirana sindinazimve. Ukwati unachitika mvula isanagwe.

Azungu aja anakhala masiku ena anayi, akujambula mabani, ngolo ndi ife tikugwira ntchito m'shedi. Sitinasamale, tinali titawazolowera. Anapita, ife tinafesa, tinawokera, tinapalira. M'mwezi wa Febuluwale, tili mkati mothyola fodya, bambo anayamba kutsokomola. Sabata ziwiri zokha. Tinawaika pafupi ndi ana awo aja, a gule anachita zawo, a mpingo anaimba chapatali. Chithunzi chawo tinalibe ngakhale chimodzi. Masiku amenewo wojambulidwa anali ndani? Cha pa chitupa chinabwezedwa ku ofesi.

Chilimwe chotsatira galimoto yobiriwira inabwera. Tichaona akukoleka chinsalu anandiona n'kufuula, "Ndiwe uya wembudzi!" Iwe ndiwe uja wa mbuzi. Mbiri inali itandipitirira kale. Ndinkafuna kukhala kunyumba, koma amayi anati apita, ndiye ndinawanyamulira mpando.

Chithunzi chinayamba ndi dzenje, monga mwa nthawi zonse. Kenako Sajeni akudya udzu. Anthu anayamba kukuwa. Koma ndisanatulukire ine, Kadzenje anaika za ntchito ya fodya, kuti phunziro lilowe anthu asanaseke. Anaonetsa bani, anaonetsa ngolo, kenako chinsalu chonse chinadzaza ndi manja awiri. Manja okha, akulu ngati chitseko, akusonkhanitsa masamba, akuwalinganiza mitu, akukulunga tsamba limodzi mozungulira n'kulilowetsa pakati. Chala chaching'ono cha kumanzere chinali chopindika, chija chinathyoka ndi goli. Ndinamva amayi akukoka mpweya. Kamera inakwera pang'onopang'ono, mmene iye yekha ankadziwira kudikira, kudutsa pa malaya a zigamba, mpaka pa nkhope. Bambo anayang'ana kamtolo kaja, anakatembenuza, anagwedeza mutu pang'ono kuti kali bwino, n'kukweza maso kuyang'ana ife.

Tichaona anali atayamba kale kunena zoseketsa, koma anaona kuti bwalo lati zii, naye analeka. Amayi anaimirira. Anayenda pakati pa anthu mpaka pansi pa chinsalu, anagwada n'kuomba m'manja.

"Mwaswera bwanji, bambo a Jailosi?"

Chithunzi chinali chitasintha kale, pa chinsalu panali ine ndi sutikesi yanga. Palibe anaseka. Foromani, Mshona amene ankatitcha mabhurandaya tsiku lililonse, ndiye anayamba kufuula kuti, "Dzokorora!" Bwereza. Bwalo lonse linalandira mawuwo. Tichaona anati malamulo salola, filimu ikhoza kuduka, koma akunena choncho dzanja lake linali likubweza kale gudumu la filimuyo. Anabwereza katatu. Kachitatu amayi anabwerera pampando pawo n'kunena kuti, "Chabwino, tsopano tione mwana wanga akugwa." Ndipo nditawerama, Sajeni akubwera kumbuyo, amene anaseka kuposa onse anali iwowo.

M'mawa mwake ndinapempha njinga kwa apongozi anga. Tinkadziwa kuti galimoto ija imagona pa pulazi iliyonse tsiku limodzi. Ndikaweruka, ndinkawakweza amayi pakaliyala, atafunda tchale chawo, n'kupalasa m'fumbi kutsatira matayala ake. Pa pulazi yoyamba anthu anandizindikira n'kuyamba kulira ngati mbuzi. Pa yachiwiri ana ananditsatira akuwerama n'kuombera m'manja. Tichaona ankatisungira malo kutsogolo, ndipo akafika pa manja aja ankatseka pakamwa, ngakhale kuti anthu a kumeneko sankadziwa chifukwa chake. Pa yachitatu unyolo unaduka pobwerera, tinayenda wapansi. Tsiku lachinayi galimoto inakhotera msewu wa ku Norton, kutali koti njinga singapite n'kubwerako belu la m'mawa lisanalire. Sitinachionenso chithunzicho. Kaya chinawolera m'bokosi liti.

Tsiku la unyolo lija, tikukankha njinga, ndinawafunsa amayi kuti, "Nanga mzungu uja mukumuona bwanji tsopano?" Ndinkayembekeza kuti amuyamika. Anayenda kaye pang'ono, akukonza tchale paphewa.

"Wakuveka sutikesi pamaso pa dziko lonse, iwe utamupempha kuti aichotse. Ndipo dzina la bambo ako sanafunse n'komwe." Anaima n'kuchotsa kamwala m'nsapato. "Maso ali nawo munthu uja. Makutu ndiwo alibe."

Ine ndaona mafilimu ambiri kuchokera pamenepo, a ku Halale m'nyumba za mipando yofewa, a pa wailesi yakanema, ndi anu a m'manjawa, koma sindinamvepo munthu akuweruza wopanga filimu molunjika kuposa pamenepo. Tsopano dzukani, mbatata zapsa. Iwe Tendai, tenga mbale ukawalandire agogo ako, ndipo ukawerame bwino, kuno kulibe tonde.